Kodi mademo amayambiradi pa foni?

Mademo akangolengezedwa muno mu Lilongwe mumamva anthu akuti "aaa izi zayambira pa Facebook". Monga munthu amene ndimaphunzitsa za utolankhani ndimati nzoona ndithu, koma theka lokha.

Chimene foni inasintha kwambiri ndi liwiro komanso mtengo woitanira anthu. Kale pamafunika wailesi, mapepala, galimoto ya chimkuzamawu. Pano munthu wa kabandulo ka WhatsApp angojambula voice note, ilowa mu gulupu ya mpingo, wina ayifowada ku ya banki m'khonde, kenako ya anzake a ku sekondale, pofika madzulo Kawale, Area 25 mpaka Chinsapo onse adziwa tsiku ndi malo okumanirana. China chimene ambiri sachiona ndi nkhani ya mantha, ukaona kuti anthu mazanamazana akulemba zomwe iwe umangong'ung'udza chamumtima umadziwa kuti suli wekha, ndiye kutuluka m'nyumba kumapepukirako.

Kumbukirani pa 20 July 2011, nthawi ya Bingu wa Mutharika, mafuta kulibe, forex kulibe. Bungwe loyang'anira mawailesi ndi mafoni la MACRA linaletsa mawailesi kuulutsa mademo aja live, anthu nkukhamukira pa Facebook ndi Twitter kuti amve zomwe zikuchitika ku Mzuzu, ku Blantyre ndi kuno. Anthu 20 anafa. Komatu nthawi imeneyo a intaneti anali ochepa zedi, amene anakonza zonse anali mabungwe.

Za 2019 nazonso chimodzimodzi. Chisankho cha pa 21 May chija cha tipeksi chitatha, mapositala a HRDC, mgwirizano wa omenyera ufulu wa anthu, oti Jane Ansah, wapampando wa bungwe loyendetsa zisankho nthawi imeneyo, achoke amazungulira m'magulupu ngati moto wa tchire, koma kuseri kwake atsogoleri a HRDC panthawiyo, a Timothy Mtambo ndi a Gift Trapence, amayenera kulemba kalata kwa DC, paja lamulo la Police Act limafuna chidziwitso maola 48 mademo asanachitike, kukambirana ndi apolisi njira yodutsa, kuitana atolankhani, nthawi zina kukalimbana ndi ma injunction kukhoti. Ntchito yotopetsa imeneyi siyimatrenda. Ndipo chisankhocho anachifafaniza ndi majaji pa 3 February 2020 atawunika umboni wa mafomu.

Kumene foni inatsogoleradi ndi ku Kenya mu June 2024, achinyamata anagwiritsa TikTok ndi X kukana Finance Bill, bilo yokweza misonkho, opanda mtsogoleri mmodzi wodziwika, mpaka pulezidenti William Ruto anakana kusaina. Vuto la mtundu umenewu ndi lakuti boma likati tiyeni tikambirane, apita ndani? Komanso mademo akayamba sadalira foni yokha: ku Egypt mu January 2011 boma linathimitsa intaneti koma anthu anadzazabe bwalo la Tahrir Square ku Cairo, pulezidenti Mubarak nkuchoka pa 11 February.

Ndiye pali mbali ina yomwe imandidetsa nkhawa ine. Njira yomweyo imene imanyamula uthenga weniweni imanyamulanso chithunzi cha dziko lina chonamiziridwa kuti ndi ku Msundwe, kapena positala yabodza yoti mademo alephereka. Komanso m'gulupu ya anthu 300 simungadziwe amene akutenga screenshot, apolisi nawonso ali ndi mafoni, ndipo pansi pa Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016 anthu amangidwapo kale muno chifukwa cha zomwe analemba kapena kufowada pa WhatsApp.