Opareshoni Yokonzeratu M'nthawi ya Mliri: Musabise Matenda

Pali maopareshoni amene amadikira tsiku lake, monga a ng'ala ya m'maso, chithokomiro, phudzi ndi zotupa za m'chiberekero. Mliri ukabuka, zipatala zimayamba kuimitsa amenewa chifukwa mabedi, okosijeni ndi anamwino zimafunika ku wodi ya odwala mliriwo. Akatswiri a gulu la CovidSurg, la madokotala ofufuza za maopareshoni, adayerekeza kuti maopareshoni oposa 28 miliyoni padziko lonse adalephereka pa milungu 12 imene Covid-19 idavuta kwambiri mu 2020.

Pempho lathu lalikulu ndi lakuti mukaitanidwa, musabise kuti mukudwala. Munthu amene wadikira miyezi, wagulitsa chimanga kuti apeze ndalama ya minibasi, akamva kuti chifuwa chingamubwezetse kumudzi, amangoti "ndili bwinobwino, adokotala". Tikumvetsa ndithu. Koma mankhwala ogonetsa amafoola kupuma, ndipo mapapo amene ali kale ndi kachilombo amavutika kudzuka opareshoni ikatha. Kafukufuku wa gulu lomweli mu 2020 adapeza kuti mwa odwala amene anali ndi Covid-19 pa nthawi ya opareshoni, pafupifupi theka adadwala mapapo, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi aliwonse adamwalira pasanathe masiku 30. Mu 2021 adapezanso kuti ngoziyi imatsika pakadutsa milungu 7 munthu atapezeka ndi matendawa. Katemera wachepetsa ngoziyi, koma wogamula tsiku ndi dokotala.

N'chimodzimodzi ndi kolera, monga amene adayambira ku Machinga mu March 2022. Wotsegula m'mimba amakhala atatha madzi m'thupi. Akamupatsa mankhwala ogonetsa, BP imagwa ndipo impso zingawonongeke. Nenani za kutsegula m'mimba, kusanza, kutentha thupi kapena chifuwa, ngakhale wodwalayo ali wina wa m'nyumba mwanu.

Kuchipatala angakupimeni musanalowe mu wodi, kukugonekani kutali ndi odwala mliri, ndi kutsuka thiyeta ndi klorini wodwala aliyense akatuluka. Mukauzidwa kuti gadiyani akhale mmodzi yekha, mverani. Gadiyaniyo asambe m'manja ndi sopo asanakudyetseni, asagwire bandeji ya pachilonda, ndipo asamayendeyende m'mawodi ena kukaona anansi.

Tsiku lanu likasinthidwa, musachoke musanafunse tsiku lina ndi kumene mungafunsire. Ngati adakuuzani kuti chotupa chanu n'cha khansa, akumbutseni madokotala, chifukwa chimenechi sichiyenera kudikira nthawi yaitali.

Phudzi likauma, likamapweteka kwambiri, osabwerera mkati, komanso mukusanza kapena chimbudzi chasiya kutuluka, matumbo angakhale atapanikizika. Pitani kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku. Maopareshoni adzidzidzi, kuphatikizapo a amayi ovutika pobereka, amachitikabe mliri uli mkati.