"Musiyire mwana, iwe ndiwe wamkulu": nsanje ya ana m'chipinda chimodzi

Kumudzi, mayi akabereka mwana wina, wopondedwa uja sasowa kolowera. Agogo amamutenga kukagona naye, azakhali amamubereka kumbuyo, masana amathera ku masanje ndi asuweni ake. Kuno ku Joni zonsezi kulibe. Banja la anthu anayi lili m'chipinda chimodzi cha lendi ku Rosettenville kapena ku Diepsloot, bambo amalawirira kuntchito, mayi ali ndi khanda m'manja, ndipo mwana wazaka zitatu amene dzulo lomweli miyendo ya amayi ake inali yake yekha wangoima pafupi ndi bedi, chala chili m'kamwa.

Zimene mwana wotereyu amachita zimadziwika. Amayambiranso kukodza pabedi, amalirira bere lomwe analisiya kalekale, mukangotembenuka watsina khanda. Si mwano umenewu, ndi mantha oti malo ake atengedwa. Ofufuza Judy Dunn ndi Carol Kendrick anatsatira mabanja 40 ku Cambridge, ku England, ndipo zimene anasindikiza mu 1982 zinaonetsa kuti chisamba chimavuta kwambiri nthawi imene mayi ali kalikiliki ndi khanda. Anapezanso china chothandiza: kumene mayi ankakamba za khanda ngati munthu wokhala ndi zofuna zake, n'kumamulowetsa wamkuluyo m'chisamaliro, abalewo ankadzagwirizana bwino.

Choncho musanayambe kuyamwitsa, muyikireni wamkulu chochita pambali panu, kaya ndi zitsekerero za mabotolo zoti awunjike kapena pepala ndi pensulo. Khanda likalira mufunseni, "Mng'ono wako akufuna chiyani, njala kapena thewera lanyowa?" Mutumeni sopo, mutumeni thewera, ndipo mumuthokoze pomutchula dzina. Tsiku lililonse mupatseni mphindi 10 kapena 15 zakezake, foni ili patali, masewera asankhe yekha. Za kukodza pabedi, yalani pulasitiki pansi pa chofunda ndipo musamuchititse manyazi. Kawirikawiri zimatha zokha. Koma akamamva kuwawa pokodza, pitani naye ku kiliniki ndi kabuku kake ka Road to Health.

Pamene makolo ambiri amaphonya ndi poweruza ndewu. Mawu oti "musiyire mwana, iwe ndiwe wamkulu" amathetsa phokoso msanga, n'chifukwa chake timawakonda, makamaka eni nyumba akakhala kuseri kwa khoma. Koma taonani zimene ana awiriwo aphunzirapo. Wamng'ono waona kuti kulira kumamupatsa chilichonse. Wamkulu waona kuti chilungamo palibe, ndiye adikira mutuluke kukatunga madzi kuti abwezere. Onse awiri amapita nazo nzeru zimenezi ku kreshi, kusukulu ya mkaka.

Komanso mwana wosakwana zaka zitatu sanafike pomvetsa kugawana. Mildred Parten, amene anafotokoza za kaseweredwe ka ana mu 1932, anaonetsa kuti ana ang'ono amasewera moyandikana, aliyense ndi kanthu kake. Kusewera mogwirizana, kogawana maudindo ngati pa masanje, kumakhazikika cha m'ma zaka zinayi. Kumukakamiza wazaka ziwiri kugawana n'kumupempha chimene mutu wake sunakhwimire. Chimene angathe ndi kusinthana. Tcherani alamu ya mphindi zitatu pa foni, ikalira chidole chipite kwa mnzake, ndipo lamulolo ligwire onse, ngakhale mzime alire chotani.

Akamenyana, alekanitseni kaye. Yambani ndi wopwetekedwa, chifukwa mukathamangira womenya ndiye kuti mwamupatsa chidwi chimene amachifuna. Musafunse kuti wayamba ndani, simunaone ndipo aliyense aloza mnzake. Gwadani kuti maso anu alingane ndi awo, nenani mwachidule: "Wakwiya chifukwa wakulanda galimoto. Kukwiya kulipo, kumenya ayi." Womenyayo akhale pambali mphindi imodzi pa chaka chilichonse cha msinkhu wake, wazaka zinayi mphindi zinayi, kenaka abwerere akathandize kukonza chimene waononga.

Kaleredwe kotere ndi kamene wofufuza Diana Baumrind wa ku yunivesite ya Berkeley anakasiyanitsa ndi mitundu ina iwiri m'zaka za m'ma 1960. Pali makolo okhwimitsa, a "ndanena ndanena", amene ana awo amamvera pamaso koma nthawi zambiri amavutika kukambirana ndi anzawo. Pali olekerera, osasatitsa mwana, amene mwana wawo amadabwa akapeza kuti ku kreshi kuli mzere. Ndiye pali achikondi koma a malamulo ochepa, osasinthasintha, ofotokozedwa chifukwa chake. Ana a makolo amenewa ndi amene anapezeka odzidalira ndi okhalitsana bwino ndi anzawo. Za ndodo, dziwani kuti mu September 2019 Constitutional Court, khoti lalikulu kwambiri la South Africa lomwe lili pa Constitution Hill ku Braamfontein, linagamula kuti kholo silingadziteteze ponena kuti limangolanga mwana. Kumenya mwana m'dziko lino ndi mlandu, ngakhale m'nyumba mwanu. Mukaona kuti mkwiyo ukukupitirirani, bungwe lothandiza ana la Childline limayankha pa nambala 116, kwaulere.

China chofunika kuchinena mosabisa: mwana wazaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi si mlezi. Musamusiyire khanda m'chipinda muli sitovu ya parafini, ketulo kapena ndowa ya madzi, ngakhale mukungofika pa spaza, kagolosale ka pafupi.

Ku kreshi mwana wolankhula Chichewa amakumana ndi Chizulu, Chisutu ndi Chingerezi tsiku limodzi. Ambiri amakhala duu masabata angapo, ena miyezi, akumvetsera. Si vuto, ndipo si chifukwa chosiyira Chichewa pakhomo. Zinenero ziwiri sizichedwetsa mwana kulankhula. Pomutenga madzulo musangofunsa ngati wadya. Funsani aphunzitsi kuti amasewera ndi ndani, amatani akalandidwa chinthu, nanga akaitanidwa dzina amacheuka. Ngati wafika zaka zitatu koma ngakhale m'Chichewa salumikiza mawu awiri kapena atatu, kapena alibe chidwi ndi ana ena konse, kauzeni anesi ku kiliniki kuti amuyeze makutu ndi kakulidwe kake.