Thandizo lakunja limene limafika mpaka m'chitokosi

Munthu akamangidwa m'Malawi muno, ndime 42 ya malamulo oyendetsera dziko imati aonekere kukhoti pasanathe maola 48. Ngati maolawo athera pa tsiku limene khoti siligwira ntchito, aonekere tsiku loyamba limene latsegula. Auzidwenso chimene wamangidwira m'chilankhulo chimene akumva. Mawu amenewa tili nawo kuyambira 1994. Koma ife amene timagwira ntchito m'makhoti a majisitireti timadziwa kuti lamulo la papepala silitsegula lokha chitseko cha chitokosi. Pamafunika munthu wokafunsa kumene kuli fayilo, wokauza abale kumudzi kuti abwere kudzamuimira pa belo, ndiponso wokumbutsa kuti belo ya kupolisi ndi yaulere.

Anthu akamamva pawailesi kuti dziko lakuti lapereka ndalama zolimbikitsira ulamuliro wotsata malamulo ndi maufulu achibadwidwe, ambiri amaganiza za misonkhano ya kunyanja ndi magalimoto olembedwa mayina a mabungwe. Sindikuwatsutsa, chifukwa ndalama zina zimatheradi kumeneko. Koma pali thandizo lina limene linasintha zinthu, ndipo ndi bwino tilidziwe kuti tizitha kusiyanitsa.

Mu 2000 bungwe la Penal Reform International, mogwirizana ndi nthambi ya ndende komanso mabungwe anayi a m'dziko muno, linayambitsa ntchito ya ma paralegal m'ndende zikuluzikulu za Maula, Chichiri, Zomba ndi Mzuzu. Boma la Britain linaikapo ndalama. Ma paralegal si maloya. Ndi anthu ophunzitsidwa malamulo a milandu mokwanira kuti athe kulowa m'ndende tsiku ndi tsiku, kulemba mayina a amene ali pa rimandi, ndi kuona amene wakhalitsa mopyola muyeso. Ankaphunzitsa akaidi pogwiritsa ntchito masewero: wina akhale majisitireti, wina woimira boma, wina wozengedwa mlandu, kuti munthu adziwe mmene angapemphere belo ndi pakamwa pake, komanso kusiyana kwa kuvomera mlandu ndi kungovomera kuti unalipo pamalopo. Ambiri amalowa m'ndende chifukwa chosadziwa kusiyana kumeneku.

Kuchokera mu ntchitoyi munabadwanso makhoti okhalira m'ndende momwemo. M'malo modikira galimoto ndi mafuta zotengera akaidi kukhoti, majisitireti amapita yekha kundende atapatsidwa mndandanda wa milandu yokonzedwa kale. Tsiku limodzi amatha kupereka belo, kuthetsa milandu imene mboni zinasiya kubwera, ndi kuika masiku a milandu yotsala. Chiwerengero cha anthu a pa rimandi chinatsika kwambiri m'zaka zimenezo, moti mayiko ngati Kenya, Uganda ndi Bangladesh anatengera njirayi. Mu 2004 nthumwi za mayiko a mu Africa zinakumana ku Lilongwe n'kugwirizana mfundo za thandizo la zamalamulo kwa osauka, ndipo mfundozo zinathandiza pokonza zimene United Nations inavomereza mu 2012. Mu 2007 ntchitoyi inaima payokha ngati bungwe la Amalawi lotchedwa Paralegal Advisory Service Institute (PASI). Kwa ine apa ndiye pagona nkhani: ndalama inachokera kunja, koma luso linatsala m'manja mwa anthu athu.

Taonaninso nkhani ya chilango cha imfa. Mu 2007, pa mlandu wa Francis Kafantayeni ndi anzake, Khoti Lalikulu linagamula kuti n'zosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko kukakamiza woweruza kupereka chilango cha imfa kwa aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha, osamva kaye mmene zinthu zinalili. Chigamulo chinali chomveka, koma zaka zinapita akaidi ambiri okhudzidwa ali chikhalire kundende ya Zomba. Mafayilo ena anali atasowa, maloya owaimira panalibe. Ntchito yomvanso milanduyi inayamba mwamphamvu mu 2015, pamene Malawi Human Rights Commission, maloya a boma ndi oima paokha, ma paralegal, bungwe la Reprieve ndi akatswiri a ku yunivesite ya Cornell anagwirana manja, ndi ndalama za thumba la Tilitonse, lothandizidwa ndi mayiko akunja. Ma paralegal anayenda m'midzi kukacheza ndi mafumu, abale a wolakwa ndi abale a womwalira. Kumeneko kunapezeka kuti ena anapalamula ali ana, ena anali ndi matenda a m'maganizo. Anthu oposa 100 anatuluka m'ndende, ambiri atakhalamo kale zaka zochuluka kuposa zimene khoti linaona kuti zinali zoyenera.

Mlandu wa Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo amene anamangidwa mu 2015 akupita kumsika ku Limbe m'bandakucha, nawo unayenda ndi thandizo la CHREAA, bungwe la m'dziko muno loona za maufulu achibadwidwe, ndi Southern Africa Litigation Centre ya ku Johannesburg. Mu 2017 khoti linathetsa ndime ya vakabu imene anamangidwira.

Komabe pali malire amene ndalama yakunja siyingadutse, ndipo amandidetsa nkhawa. Mu 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, khoti linapeza kuti kuthithikana kwa m'ndende zathu ndi nkhanza, n'kupereka miyezi 18 kuti boma lichepetse kuthithikanako ndi theka. Mpaka lero ndende zikusunga anthu ochuluka kwambiri kuposa amene zinamangidwira. Mu 2010 lamulo la kazengedwe ka milandu linaika malire a masiku a rimandi: 30 pa milandu ya kwa majisitireti, 90 pa milandu ikuluikulu ngati yakupha, ndipo khoti lokha ndi limene lingaonjezere. Malirewa amadutsidwa kawirikawiri popanda wofunsa. Palibe bungwe la ku Brussels kapena London limene lingamvere chigamulo cha khoti m'malo mwa boma lathu.

Chinanso, thandizo lakunja limabwera ngati pulojekiti ya zaka zitatu kapena zisanu. European Union inathandiza makhoti, apolisi ndi ndende kudzera mu pulogalamu ya Chilungamo, ndipo zipatso zake zinaoneka. Koma tinaona mu 2013, nkhani ya Cashgate itaphulika, mayiko akuimitsa ndalama zothandizira bajeti, ndipo mu 2025 dziko la America linadula thandizo lake lambiri padziko lonse mwadzidzidzi. Pulojekiti ikatha, paralegal amene ankalowa m'chitokosi Lolemba lililonse amasowa ndi ya minibasi yomwe, pomwe anthu akumangidwabe usiku uliwonse.

Tili ndi Legal Aid Bureau, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011 n'kuyamba ntchito mu 2015 kuti iziimira amene sangathe kulipira loya. Imeneyi ndi yathu, yoyendera misonkho yathu, ndipo maloya ake amasenza mafayilo ochuluka zedi. Aphungu akamakambirana bajeti, mzere wa ofesiyi, wa makhoti ndi wa chakudya cha m'ndende ndi umene tiyenera kuwafunsa kuti aikapo zingati, ndiponso ngati ndalamazo zikufikadi mwezi ndi mwezi.