Garratt si mitu iwiri ya sitima yomatidwa pamodzi

Ndatopa nawo mawu awa. Chithunzi cha mutu wa sitima woyendera nthunzi wa mtundu wa Garratt chikangoikidwa pa Facebook, sipalephera kupezeka wina wolemba kuti amisiri akale ankangotenga mainjini awiri n'kuwamata pamodzi. Ayi ndithu. Tawerengani bwino: chumuni ndi imodzi, ng'anjo ndi imodzi, boila yowiritsira madzi kuti pakhale nthunzi ndi imodzi. Chomwe chili pawiri ndi ngolo za mawilo, ina kutsogolo itasenza thanki ya madzi, ina kumbuyo itasenza malasha ndi madzi ena, iliyonse ndi masilinda ake. Boila imalendewera pakati ngati munthu wonyamulidwa pa machila, pansi pake popanda wilo ngakhale limodzi. Ofuna wa nkhope ziwiri ndi machumuni awiri akafunefune Fairlie, monga Little Wonder wa 1869 pa njanji ya Ffestiniog ku Wales. Umenewo ndi mtundu wina.

Herbert William Garratt analembetsa nzeru yakeyi mu 1907, ndipo kampani ya Beyer, Peacock ya ku Manchester inapanga mutu woyamba, K1, mu 1909. Unapita ku Tasmania, pa kanjanji ka mamilimita 610 okha m'lifupi. Vuto lomwe Garratt ankalimbana nalo linali ili: njanji yopapatiza imamangidwa ndi anthu osowa ndalama, zitsulo zake n'zopepuka, milatho yake njofooka, ndipo imakhotakhota potsata mapiri m'malo mowaboola. Mukaikapo mutu waukulu wa felemu imodzi, sukhota. Mukaikapo mitu iwiri yaing'ono, mulipira madalaivala awiri ndi osonkheza moto awiri.

Garratt anagawa kulemera pa maekiselo ambiri, zitsulo zolumikiza mawilo awiriawiri, ndipo ngolo iliyonse imatembenuka payokha pa pivoti yake. Taonani Garratt yotchedwa NGG16 ya ku South Africa, yomwe inayamba kupangidwa mu 1937, yomaliza n'kutuluka mu 1968. Yonse imalemera matani pafupifupi 60, koma ekiselo iliyonse imapondereza njanji ndi matani pafupifupi 7 basi. N'chifukwa chake inkatha kukoka katundu pa njanji ya Port Elizabeth kupita ku Avontuur, ndiponso ya Port Shepstone kupita ku Harding.

Chomwe chimandisangalatsa ine si mawilowo, koma malo opanda kanthu aja a pansi pa boila. Pa mutu wamba wa njanji yopapatiza ng'anjo imapanikizika pakati pa mawilo kapena imakwezedwa pamwamba pake. Pa Garratt wopanga ali ndi ufulu: ng'anjo yotakata ndi yakuya, boila yaifupi koma yonenepa, phulusa likugwa mosavuta, mpweya ukulowa bwino. Ngakhale malasha achabechabe amayaka. Pa kona, boila imalowera m'kati mwa konayo, pamene ya Mallet, mtundu wina wa mitu yopindika pokhota, imasuzumira kunja. Ndiye musamandiuze kuti njanji yopapatiza ndi ya tizidole. Garratt ya Class 59 ya East African Railways, pa njanji ya mita imodzi kuchokera ku Mombasa kukwera ku Nairobi, inkalemera matani oposa 250. Ku Bulawayo, pa njanji ya mamilimita 1,067, muyezo womwewo wa njanji za ku Malawi ndi ku Zambia, ma Garratt a 15th class ndi 20th class anagwira ntchito zaka zambirimbiri.

Zofooka zilipo. Madzi ndi malasha zikamatha, kulemera kopondereza mawilo kumachepa, ndipo pa chitunda mutu umayamba kuterereka, dalaivala n'kumathira mchenga. Nthunzi imayenera kudutsa m'mapaipi okhala ndi mfundo zopindika kuti ifike ku ngolo ziwirizo, ndipo mfundozo zikaperepeseka zimadontha. Mapivoti akasowa girizi amadyeka mwakachetechete.

Koma chomwe chimandisowetsa tulo ndi china. Ndinaitanidwa kukaona Garratt ina yomwe anthu okonda zakale ankafuna kuiyatsanso kuti izinyamula alendo. Kunja inali yopentedwa bwino, mkuwa uli wee. Nditalowa m'ng'anjo ndi tochi ndinapeza chigamba chowotcherera pamwamba pa chitsulo chodyeka ndi dzimbiri, ndipo mabawuti ena ogwira makoma a ng'anjo, omwe timati ma stay, ankamveka kuti ngothyoka ndikawagogoda ndi hamala. Choopsa kwambiri chinali kudenga. Pamenepo pamakhala pulagi ya mtovu pakati, yomwe ntchito yake ndi kusungunuka madzi akachepa, kuti nthunzi ipopere pamoto ndipo anthu adziwe kuti zinthu zavuta. Wina anaona kuti ikudontha, anaichotsa n'kumangapo bawuti wamba. Anandiuza monyadira kuti tsopano sipadonthanso.

Amene anachita zimenezi ndi mmisiri wodziwa kuwotcherera mageti ndi mawindo, ndipo pa ntchito imeneyo sindingamunyoze. Koma boila ngati ya NGG16 imagwira ntchito pa mphamvu ya mapaundi 180 pa sikweya inchi, ndipo madzi a m'katimo amatentha kupitirira kutali madigiri 100. Denga la ng'anjo likang'ambika, gawo la madziwo limasanduka nthunzi nthawi imodzi, ndipo oyamba kupsa ndi awiri aja oima m'kabu, dalaivala ndi wosonkheza moto. Eni ake ankati aikonza bwinobwino nyengo ya alendo ikatha. Ndinakana kusaina kuti boilayo ili bwino.

Ngati muli m'gulu losamalira mutu wakale, musayatse ngakhale nkhuni zochepa "zongoyesera" woyendera maboila wovomerezeka asanayeze kukhuthala kwa zitsulo ndi kuipopa ndi madzi ozizira. Madzi akapeza pofooka amangodontha, nthunzi imaphulitsa. Munthu wokuuzani kuti mayeso amenewa n'kutaya ndalama, mulipireni zake azipita. Musasiye madzi m'boila yongoima, chifukwa chaka chilichonse chomwe mukuzengereza dzimbiri likudya pansi pomwe simuona. Ndipo musalole ana, kapena anyamata ogula zitsulo zakale, kusenda zoyera zokutira boila zija ndi manja. Pa mitu yambiri ya nthawi imeneyo zimenezo ndi asibesitosi, ndipo matenda ake a m'mapapo amadzaonekera patapita zaka 20 kapena kuposerapo.