Chombo chotera pa Venus: firiji siingachipulumutse

Funso limakhala lomweli, kaya ku Ulongwe kaya mumzinda wa Tete: bwanji osangoika firiji m'chombo chokatera pa pulaneti la Venus ndi kuchikuta ndi zotchinga kutentha zochindikala? Chonde, ganizo limeneli tilisiye. Firiji siithetsa kutentha, imangokutayira kumbuyo kwake. Pa Venus kunja kumatentha madigiri pafupifupi 465, pamene mtovu umasungunuka pa 327. Mukutayira kuti? Makina oti akankhe kutentha kotere amafuna magetsi ochuluka kuposa amene mabatire a chombo angapereke.

Zotchinga zimangochedwetsa imfa ya chombo, n'chifukwa chake mainjiniya amawerengera mphindi. A Soviet Union ankaika zipangizo mu mpira wa titanium, n'kuuziziritsa usanalowe mumpweya wa Venus. M'katimo ankaikamo mchere wa lithium nitrate umene umasungunuka pa madigiri 30, ndipo posungunukapo umamwa kutentha. Mcherewo ukasungunuka wonse, zamagetsi zimayamba kupsa. Venera 13, chimodzi mwa zombo zawozo, mu 1982 inakonzedwa kuti ikhale mphindi 32, koma inapirira mphindi 127.

Palinso kulemera kwa mpweya. Kumeneko mpweya umapanikiza mowirikiza ka 92 kuposa kuno, ngati kumira m'madzi mamita 900, pamene khoma la damu la Cahora Bassa ndi lotalika mamita 171 okha. Venera 5 ndi 6 zinaphwanyika mu 1969 zisanafike pansi. Koma mpweya wothinanawu umathandizanso: parachuti amaitaya chombo chikadali makilomita pafupifupi 50 m'mwamba, kuti chitsike msanga chisanapsere m'njira, mpweyawo n'kumachepetsa liwiro lake.

Chopweteka mtima ndi nkhani ya zivundikiro za makamera. Mu 1978 Venera 11 ndi 12 zinatera bwinobwino, koma zivundikirozo zinakana kuchoka, osapezeka chithunzi ngakhale chimodzi. Cha Venera 14 chinachoka ndithu, koma chinagwera pamalo enieni pamene mkono woyeza kulimba kwa nthaka unagunda, mkonowo n'kuyeza chivundikiro. Ntchito ya zaka inaonongeka ndi kachinthu kakang'ono. Kalikonse koyenda pa chombo kayesedwe pa kutentha ndi kupanikiza zonse pamodzi, osati chilichonse pachokha.

Ndipo musanyengedwe ndi mavidiyo a pa Facebook onena za penti yosamva moto kapena chitsulo chodabwitsa. Chovuta si chitsulo ayi, ndi tizipangizo tamagetsi ta silicon timene timasiya kugwira ntchito kutentha kusanafike n'komwe pa mlingo wa Venus. Njira yodalirika ndi tizipangizo ta silicon carbide, topirira kutentha: ku NASA Glenn, malo ofufuzira za m'mlengalenga ku America, anayesa tizipangizo totere m'chipinda chotsanzira mpweya ndi kutentha kwa pa Venus, ndipo tinagwira ntchito maola 521 popanda choziziritsa.