Mafunso ndi mayankho pa nkhani ya cosmic rays

Uthenga wa pa WhatsApp wouza anthu kuti azimitse foni usiku chifukwa "cosmic rays zikudutsa" wabwereranso, ndipo mafunso atichulukira. Tayankha amene akubwera kawirikawiri.

Ndiye tizimitse foni?

Ayi. Cosmic rays ndi tinthu ting'onoting'ono tochokera mumlengalenga timene timagwa usana ndi usiku, ndipo Victor Hess anatitulukira kalekale mu 1912 atakwera chibaluni.

Ndi tinthu tanji?

Ta mkati mwa atomu, tambiri ndi mapulotoni, tothamanga pafupifupi liwiro la kuwala.

Chimatipatsa liwiro lotere n'chiyani?

Nyenyezi ikaphulika, zotsalira zake zimakankha mpweya wotentha wotchedwa plasma n'kupanga funde lamphamvu, shock. Pulotoni imawoloka fundelo, mphamvu ya maginito n'kuyibweza, n'kuwolokanso, ndipo ulendo uliwonse imawonjezera mphamvu, ngati mpira wogunda uku ndi uku pakati pa makoma awiri amene akuyandikirana. Anayambitsa maganizowa ndi Enrico Fermi mu 1949, ena n'kudzawakonza mu 1977 ndi 1978. Mu 2013 telesikopu ya mumlengalenga yotchedwa Fermi inapeza umboni wa mapulotoni otere pa zotsalira za nyenyezi za IC 443 ndi W44.

Kanthu kalikonse kamalandira nawo mphamvuyi?

Ayi. Tinthu tambiri timawoloka kamodzi n'kukokoloka ndi plasma. Kuti kanthu kabwerere, kayenera kukhala kothamanga kale kuposa tinzake. Mmene kamapezera mphamvu yoyambirayo, makamaka ma elekitironi, akatswiri akadakambiranabe.

Funde likamathamanga pafupi ndi liwiro la kuwala, monga pa kuphulika kotulutsa gamma rays (kuwala kwamphamvu kwambiri kosaoneka ndi maso) kapena pa zimene zimalavulidwa pafupi ndi black hole (malo a mumlengalenga okoka mwamphamvu moti ngakhale kuwala sikutulukamo), zinthu zimavutirapo. Plasma ya kumbuyo kwa funde imathawa pa gawo limodzi mwa magawo atatu a liwiro la kuwala, choncho kanthu kamavutika kulipezanso fundelo. Ulendo woyamba kangapindule kwambiri, koma pambuyo pake mphamvu imangowirikiza pafupifupi kawiri. Ndipo ngati maginito a pamalopo ali m'mizere yowongoka bwino, osasokonekera, mwina kubwerera sikungatheke n'komwe. Dziwani kuti zambiri mwa izi zachokera m'masamu ndi pa kompyuta. Musazitenge ngati zinayezedwa pamalopo.

Munati pali malire a mphamvu, nanga Amaterasu?

Sitinanene kuti kanthu sikangapyole malirewo. Lamulo la GZK, la mu 1966, limati pulotoni yoposa 50 EeV (EeV ndi muyeso wa mphamvu ya tinthu totere) imataya mphamvu ikamagundana ndi kuwala kotsalira kuyambira pa chiyambi cha chilengedwe, choncho siingachokere kutali kwambiri. Amaterasu, kanthu kamene malo ofufuzira a Telescope Array a ku Utah, ku America, anakaona pa 27 May 2021, kanali ndi 244 EeV, ndipo kena kamene kanaoneka mu 1991 kanafika 320 EeV. Chovuta, inde chilipo, n'chakuti kumene Amaterasu kakuoneka kuti kanachokera ndi Local Void, dera lopanda milalang'amba yambiri. N'kutheka kuti maginito anakakhotetsa panjira.

Malo ofufuzirawa sakuwononga ndalama ndi kukula kwawo?

Ayi. Ku Malargüe, Argentina, Pierre Auger Observatory ili ndi matanki oposa 1,600 otalikirana 1.5 km, lililonse la malita 12,000 a madzi oyera, ndipo tinthu tikalowa m'madzimo timatulutsa kuwala kumene makina amajambula. Tinthu toposa 100 EeV sitikwana n'kamodzi komwe pa sikweya kilomita m'zaka 100, n'chifukwa chake malowa anatenga masikweya kilomita 3,000.