Kumene nthabwala za matenda zinachokera kuno ku Mangochi

Mlendo amene wafika koyamba pamaliro a kumudzi, makamaka m'midzi ya Achewa ndi Anyanja ya kwa Nankumba, amatha kukhumudwa. Pasiwa amayi akulira, panja azibambo angoti zii pansi pa mtengo, koma chakumbali kagulu ka anthu a makasu m'manja kali phwete kuseka. Akumunena malemuyo kuti anali woumira, kuti lero akuwakumbitsa dothi louma chonsecho ali moyo sanawagawireko ngakhale usipa wodzaza dzanja. Palibe amene amawadzudzula, ngakhale amfumu. Amenewa ndi adzukulu, ndipo mbiri ya anthu oseketsa pa nkhani za matenda kuno imayambira pa iwowa.

Pakati pa Ayao, anthu ogwira ntchito imeneyi ankatchedwa awilo, ndipo azungu oyamba amene analemba za miyambo ya Ayao m'zaka za m'ma 1880 anawapeza alipo kale. Dongosolo lake linali lofanana ndi la adzukulu. Anamfedwa sadziikira okha maliro. Pamabwera anthu a mbumba ina kudzakonza thupi, kukumba manda ndi kunyamula chitanda, ndipo tsiku limene zovuta zidzagwe kwawo, inu mudzapita kukabweza. Malipiro a ntchito yolemetsayi anali ufulu wa pakamwa. Ankatha kugwira nkhuku ya pakhomo popanda kupempha, kunyoza ndiwo, kutukwana mwini mbumba pamaso pa anthu, iye n'kungoweramitsa mutu. M'midzi ina mpaka lero mumapezeka mayi amene wavala jekete la malemu, akuyenda motsimphina monga ankayendera, akukalipira ana ndi mawu ake enieni aja, moti namfedwa amene wakhala osalawa kanthu chigonereni amapezeka waseka misozi ili m'masaya.

Chimene anthu ambiri sachiona pa mwambowu ndi malire ake. Sikuti aliyense amene ali ndi pakamwa pothwa amaloledwa. Woseka ndi yemwe wagwira mtembo, yemwe zikhatho zatuluka matuza ndi khasu. Munthu wongodutsa atayerekeza kulankhula mawu omwewo, nkhani yake ikathera pabwalo la amfumu.

Pa matenda napo zinali chimodzimodzi. Pali abale amene mwambo umawalola kuserewula: asuweni, komanso agogo ndi zidzukulu zawo. Bambo akadwala n'kumakana phala, mkazi wake amachonderera, ana amangoyang'ana pansi, apongozi amalonjera ali pakhomo. Ndiye amalowa msuweni osagogoda, n'kunena kuti wabwera kudzatenga bwato ndi ukonde poti wamva kuti eni ake ali paulendo, ndipo mlamu asadandaule, pomulowa alipo. Wodwala uja, amene wakhala osayankhula, amatukula mutu n'kumuuza kuti ngakhale nkhafi sadzaigwira. Apa a m'nyumba amapumira m'mwamba, chifukwa munthu amene akutha kubweza chipongwe ndiye kuti mphamvu zikadalimo. Akalephera kubweza, amadziwa kuti yakwana nthawi yofuna galimoto. Ndipo msuweni yemweyo ndi amene amakwera nawo, n'kukagona pasimenti kuchipatala.

Chisilamu chitazika mizu pakati pa Ayao a kwa Mponda, kwa Makanjira ndi kwa Jalasi, maliro anasintha. Thupi limasambitsidwa motsatira chipembedzo, limaikidwa mwachangu, kawirikawiri tsiku lomwelo, ndipo mpata wa zisudzo za kumanda unachepa. Kumipingo ya Chikhristu nako mwambo wa maliro unapita m'manja mwa abusa, akwaya ndi amayi a mvano. Koma kuserewula sikunafe. Kunakhalabe m'makomo, kudooko pamene asodzi akusoka maukonde, ndi m'magule monga beni, amene anafala kuno nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, anthu akuvala ndi kuguba motengera asilikali a atsamunda, theka kusirira theka kunyogodola.

Chipatala cha chizungu chinafika m'boma lino kale kwambiri. Amishoni a Livingstonia anamanga ku Cape Maclear mu 1875 ali ndi Dr Robert Laws, ndipo malungo atapha anzawo angapo anasamukira ku Bandawe mu 1881. Kenako a Anglican anakhazikitsa chipatala cha St Martin's ku Malindi. Mankhwala anabwera nawo, koma kalankhulidwe kake kanali ka ulaliki: wodziwa amaima kutsogolo, osadziwa amakhala pansi. Anthu a m'mbali mwa nyanja anali ndi nthabwala zawo kale pa matenda a kwawo, ndipo zina sizinali zothandiza. Likodzo ndi chitsanzo. Mnyamata akayamba kukodza magazi, akulu ankamuseka kuti wakula tsopano, ayambe kufuna mbeta. Nthabwala imeneyi inachotsa mantha, komanso inachotsa chifukwa chopitira kuchipatala, pamene tizilombo tochokera ku nkhono za m'madzi tikuwononga chikhodzodzo mwakachetechete. Alangizi a zaumoyo amene amagawa mapiritsi a likodzo m'sukulu masiku ano akulimbanabe ndi kuseka kwakaleko.

M'nthawi ya Kamuzu Banda, woseketsa anthu pagulu ankayenda mosamala. Lamulo la 1968 linapatsa Censorship Board mphamvu yoona sewero lisanaonetsedwe, ndipo nkhani za kuchipinda sizinkatchulidwa pawailesi ya MBC, imene inali yokhayo m'dziko muno. Ngakhale za kulera boma linazilola mu 1982, pozitcha kutalikitsa nthawi pakati pa ana. Komabe m'zaka zomwezo za m'ma 1980 kunachitika chinthu china chapafupi ndi kuno. Aphunzitsi ndi ophunzira a zisudzo a ku Chancellor College, mmodzi mwa otsogolera ake ali Chris Kamlongera, anagwirizana ndi ogwira ntchito zaumoyo ku Liwonde n'kumapita m'midzi monga ku Mwima. Sankapita ndi sewero lolemberatu. Ankakhala ndi anthu, kumva madandaulo awo a zitsime, zimbudzi ndi kutalika kwa chipatala, kenako n'kupanga sewero limene ochita ake ankaima pakati n'kufunsa oonera kuti munthu uyu atani. Anthu amene pamsonkhano wa boma sakanatsegula pakamwa ankakuwa mayankho, chifukwa amene akumudzudzulayo ndi wa m'sewero, ngakhale aliyense akudziwa kuti akufanana ndi ndani m'mudzimo. Masewero ambiri a zaumoyo amene timaona pamsika wa ku Namwera kapena ku Makawa amatsata njira imeneyi.

Kenako kunabwera Edzi. Munthu woyamba kupezeka nayo m'Malawi anadziwika mu 1985, ndipo kwa zaka zambiri akuluakulu sankaitchula poyera. Anthu anadzaza mpatawo ndi mayina awoawo: kaliwondewonde, magawagawa, matenda a boma. Dzina lomalizali linali ndi mbola yolasa akuluakulu, poti ambiri ankaganiza kuti nkhaniyi ndi njira ina yowaletsera kubereka. Koma nthabwala zambiri za nthawi imeneyo zinkalasa wodwala. Munthu akatsika thupi, tsitsi n'kuyamba kupepuka, anyamata a pa bawo ankatsinana akamadutsa. Mayi wogula nsomba kudooko akayamba kutsokomola, anzake ankawerenga pa zala asodzi amene ankamusungira usipa. Apa lamulo lakale lija linasweka, chifukwa oseka sanali osambitsa wodwalayo kapena omuphikira phala. Anali oonerera chabe. Zotsatira zake tinaziona: anthu ankabisala m'nyumba, ena ankapita kukayezetsa kuchipatala chakutali kuti asakumane ndi wowadziwa, ena osapita n'komwe. Akulu amati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo m'zaka za m'ma 1990 ambiri mwa otsinana aja anaikidwa m'manda omwewo.

Akatswiri a nthabwala amene dziko lonse linawadziwa anakula m'nyengo imeneyi. John Nyanga ndi Eric Mabedi, a gulu la zisudzo la Kwathu, anatchuka ngati Izeki ndi Jakobo, wina wooneka wachimidzimidzi koma wochenjera mwa njira yake, wina wodziyesa wodziwa zinthu. Michael Usi anatchuka ngati Manganya m'sewero la Tikuferanji, limene linkakamba kwambiri za Edzi ndi makhalidwe a anthu. Wailesi ya kanema itayamba mu 1999, nkhope zawo zinafika m'nyumba zoonetsera mavidiyo za pa Mangochi boma ndi ku Monkey Bay, kumene ana ankalipira kandalama kuti akhale pabenchi. Luso la anthu amenewa linali posankha woti asekedwe. Chitsiru cha m'sewero sichinkakhala munthu wodwala ayi. Chinkakhala bambo wamakani amene akukana kukayezetsa, kapena wachuma amene akuganiza kuti ndalama zimuteteza. Mwamuna woonera ankaseka, koma akudziwa kuti mkazi wake pambalipo akumuyang'ana m'mbali mwa diso. Kuti Amalawi sankaona ntchitoyi ngati yachibwana zinaonekera pamene Bon Kalindo, amene ankasewera ngati Winiko, anasankhidwa kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo mu 2014, ndipo Usi anakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu Juni 2024.

Kusintha kwenikweni, mmene ine ndimaonera, kunabwera ndi mankhwala. Mu 2004 boma linayamba kupereka ma ARV aulere, chaka chomwe Bakili Muluzi ananena poyera kuti mchimwene wake anamwalira ndi Edzi. Anthu amene anali atatsanzikidwa anadzuka, kunenepa, kubwerera kunyanja. Ndipo anayamba kudziseka okha. Pamzere wolandirira mankhwala mumamva wina akuuza mnzake kuti wabwera kudzathira mayunitsi, foni isazime. Wina akachedwa kubwera mwezi umenewo, anzake amamulandira ndi chipongwe chomufunsa ngati wapeza netiweki ina kwa asing'anga. Mawu omwewo atanenedwa ndi munthu wa kunja kwa mzerewo ndi kusala, ndipo akhoza kuliritsa munthu. Pakati pa eni ake ndi njira yofunsira kuti bwanji simunabwere, popanda kumuimika mnzako pakhoti.

Malo ena amene kuseka kotere kumamveka ndi kumene amagona odikirira odwala, amene aliyense amangowatchula kuti magadiyani. Madzulo utsi uli tolo, miphika ili pamafuwa, mayi wa ku Katuli ndi mayi wa ku Chembe amene dzana sankadziwana akubwerekana chipande. Mmodzi amayamba kutengera mayendedwe a dokotala pozungulira m'wodi, manja kumbuyo, akulankhula Chingerezi chopeka, wina n'kukhala wodwala amene akuvomera zonse asanamve kalikonse. Amaseka mpaka kugwira nthiti. Pakati pa kusekako wina amafunsa kuti kodi paja anati mapiritsi aja amwe kangati, ndipo amene anamva bwino amamufotokozera.

Mkangano ulipo pa masewero a mabungwe. Ena amati anthu amabwera kudzaseka basi, uthenga amausiya pabwalo pomwepo. Pali choonadi pamenepa. Tonse taonapo mnyamata atapaka makala kuchibwano, pilo m'mimba, jekete long'ambika, akugwa dala kuti ana akuwe, kenako wa zaumoyo n'kuimirira kuwerenga uthenga papepala anthu atayamba kale kubalalika. Vuto lina ndi la kuno kwathu makamaka. Zaka zambiri, woseketsa akafuna kuonetsa munthu wosazindikira ankamupatsa Chichewa cha kalankhulidwe ka Chiyao ndi dzina loyamba ndi Che. Ku Lilongwe anthu amaseka. Kwa Chimwala kapena kwa Bwananyambi, bambo amene mukufuna kuti alole mkazi wake kukachirira kuchipatala amamva kuti mukunyoza mtundu wake, ndipo amanyamuka. Mawailesi a m'dera, monga Dzimwe ya ku Monkey Bay imene inayamba mu 1998, ali ndi mwayi pamenepa, chifukwa olankhulapo ndi ana a konkuno, ndipo akamaseka msodzi wosandutsa neti ya udzudzu kukhala chokokera tinsomba, amakhala akuseka malume awo enieni.

Kolera amene anayamba mu Malichi 2022 anaonetsa pamene nthabwala imathera mphamvu. Unali mliri wa kolera waukulu kuposa yonse m'mbiri ya dziko lino: anthu oposa 58,000 anadwala, oposa 1,700 anamwalira, ndipo Mangochi linali limodzi mwa maboma okhudzidwa kwambiri. Magulu a zisudzo anazungulira m'madooko ndi sewero lodziwika lija la bambo amene akuti sangavutike kukumba chimbudzi nyanja yonseyi ilipo, mpaka mlendo wolemekezeka, mwina apongozi, atapempha kuti amulozere kothandizikira. Anthu amaseka chifukwa manyazi amenewo amawadziwa, ndipo ena amakamangadi mpondagiya wosambira m'manja pakhomo la chimbudzi. Koma sewero silisintha mchenga wa m'mbali mwa nyanja umene umagumukira m'dzenje mvula ikangogwa, ndipo silibweretsa mjigo pamene palibe. Malamulo a maliro a kolera anachotsanso adzukulu pa ntchito yawo: thupi limakonzedwa ndi a zaumoyo ndi klorini, limaikidwa msanga, ndipo kuphika chakudya cha gulu kumaletsedwa. Mabanja ena anakana zimenezi mwaukali, ndipo pofotokoza chifukwa chake anthu ambiri amangotchula mphekesera, kuiwala kuti banja limene lalandidwa osambitsa ndi onyamula m'bale wawo lalandidwanso anthu okhawo amene akanatha kulitonthoza mwa chikhalidwe chake.

Nthawi ya Covid-19, imene inafika m'Malawi mu Epulo 2020, nthabwala zambiri zinasamukira pa WhatsApp ndi Facebook, kumene wotumiza sadziwika ndipo sadzabwera kudzazonda aliyense. Zina zinkaseka zophimba kukamwa, zina zinkati matendawa ndi a anthu okwera ndege, zina zinkaopseza anthu za katemera. John Nyanga anali atamwalira kale mu 2016. Eric Mabedi anamwalira ndi Covid-19 mu Ogasiti 2021.